Kuzindikira Maudzu a M'minda ndi a M'madambo ndi Phindu Lake pa Ziweto: Madera a Mitundu ndi Nathenje

Uthenga uwu ukupita kwa alimi a ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi abulu, kwa ochita malonda a ziweto ndi a udzu, komanso kwa anthu onse okhala m'madera a Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe. Ukufotokoza mitundu ya udzu imene imapezeka kawirikawiri m'minda, m'malire ndi m'madambo a dera limeneli, njira zoizindikirira, ndi kuchuluka kwa chakudya chimene chiweto chimapezamo.

Mvula m'chigwa cha Lilongwe imayamba mu Novembala kapena Disembala ndi kuleka mu Malichi kapena Epulo. Miyezi yotsalayo, isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndi yopanda mvula. Ng'ombe zimanenepa kuyambira Januwale mpaka Meyi, kenaka zimayamba kutsika, ndipo pofika Okutobala nthiti zimawerengeka, mkaka umachepa, zazikazi zimachedwa kutenga bere, ndipo zapangolo zimafooka pa nthawi yomwe zikufunika kututa manyowa ndi feteleza. Alimi ambiri amati vuto ndi kusowa kwa udzu. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri udzu umakhala ulipo, wofika m'khosi, ng'ombe zikuwonda pakati pake. Chimene chimakhala chatha ndi chakudya cha mu udzuwo.

Chimene chimachititsa udzu kukhala chakudya

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa sizigaya udzu pazokha. M'chifu mwake muli tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timaphwanya udzu, ndipo chiweto chimapeza mphamvu kuchokera ku ntchito ya tizilomboto. Kuti tigwire ntchito bwino, timafuna chakudya chomanga thupi, chimene akatswiri amachitcha mapuloteni. Udzu ukakhala ndi mapuloteni osafika magawo 7 pa magawo 100 alionse, poyeza utauma, tizilomboto timafooka, udzu umakhalitsa m'chifu, ndipo chiweto chimadya pang'ono ngakhale chili ndi njala.

Msipu wanthete wa mu Disembala ndi Januwale umatha kukhala ndi magawo 10 mpaka 12 kapena kuposerapo. Udzu womwewo ukatulutsa ngala, chakudya chimasamukira ku njere ndi ku mizu, phesi limalimba, ndipo ukafika pouma uli chiimire mu Ogasiti umatsala ndi magawo 2 mpaka 4 okha. Mchere wa fosifolasi wolimbitsa mafupa umatsikanso, chimodzimodzi vitamini A amene amapezeka m'masamba obiriwira. Motero pofunsa za phindu la udzu, mafunso amakhala awiri: ndi mtundu wanji, ndipo wafika msinkhu wanji. Pa mafunso awiriwa, lachiwiri ndi limene limaiwalika kwambiri.

Poyambira kuzindikira

Si chomera chilichonse cha masamba aataliatali chimene chili udzu weniweni. Phesi la udzu ndi lobulungira kapena lophwatalala pang'ono, lili ndi mfundo ngati nzimbe, ndipo masamba ake amatuluka mbali ziwiri. Zomera za m'gulu la dawe zili ndi phesi la ngodya zitatu lopanda mfundo. Munthu akalizunguza pakati pa zala amamva ngodyazo. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa dambo lodzala zomera za gulu la dawe limaoneka lobiriwira chaka chonse, pamene chakudya chake n'chochepa ndipo ng'ombe zimangodyako zikasowa china.

Pa udzu weniweni, mlimi ayang'ane kameredwe, kaya ndi wa zitsa kapena woyanga, maonekedwe a ngala, ubweya kapena kukhakhala kwa masamba, ndi malo amene wamera. Nthawi yabwino yophunzirira ndi kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, pamene maudzu ambiri ali ndi ngala. Mayina a m'Chichewa amasiyana mudzi ndi mudzi, ndipo dzina limodzi limatha kuimira maudzu angapo, n'chifukwa chake m'munsimu mwaikidwanso mayina amene akatswiri a zomera amagwiritsa ntchito.

Maudzu a kumtunda

Udzu umene wafala kwambiri m'malo osalimidwa ndi wa m'gulu la Hyparrhenia, limene muli tsekera ndi maudzu ena ofolerera nyumba. Umamera m'zitsa, umatalika mita imodzi ndi theka mpaka mamita atatu, ndipo ngala zake zimatuluka ziwiriziwiri m'timakoko tofiirira, zili ndi ndevu zopindika. Ukangophuka, ng'ombe zimaukonda ndipo zimanenepa nawo. Koma nyengo yake yabwino ndi yaifupi kwambiri: ukayamba kuponya phesi mu Febuluwale ndi Malichi, phindu lake limatsika mofulumira kuposa maudzu ena ambiri. Kulimba komwe kumauyenereza kukhala denga la nyumba, mpanda kapena chigafa cha fodya ndi komwenso kumauchititsa kukhala chakudya chosathandiza. Amene akufuna kuusunga ngati mfutso wa ziweto aumwete usanamasule. Amene akufuna wofolerera adikire mpaka Juni kapena Julayi. Malo amodzi sangapereke zonse ziwiri m'chaka chimodzi, ndipo ndi bwino kuti mudzi ugwirizane msanga za malo omweta ndi malo osiya.

Kapinga, amene ndi Cynodon dactylon, amadziwika ndi aliyense. Amayanga pamwamba ndi pansi pa nthaka, ndipo ngala yake ili ndi zala zopyapyala zochokera pamodzi ngati phazi la nkhuku. M'munda wa chimanga ndi mdani wovuta kupalira, koma kubusa ndi umodzi mwa maudzu abwino: amapirira kupondedwa ndi kudyedwa pafupipafupi, ndipo amasunga masamba nthawi yaitali kuposa tsekera. Chovuta chake n'chakuti ndi wamfupi, sapereka mitolo yambiri.

Chigombe, chimene ena amati chinsangwi, ndi Eleusine indica, mbale wake wa mawere. Tsinde lake ndi lophwatalala, mizu yake ndi yovuta kuzula, ndipo zala za ngala yake n'zonenepa kuposa za kapinga. Chimakonda m'mbali mwa njira ndi pafupi ndi makola. Chikadali chanthete ziweto zimadya bwino, chikakula chimalimba.

Pansi pa mitengo, m'mbali mwa zulu ndi m'malo a nthaka yachonde mumapezeka Panicum maximum, udzu wa masamba otambalala ndi ngala yotakasuka ya nthambi zambiri, yokhala ndi tinjere tating'ono tobiriwira kapena tofiirira. Uwu ndi udzu wamtengo wapatali. Umapirira mthunzi, umachedwa kuuma, ndipo ng'ombe zikalowa pamalo zimayamba ndi umenewu. Chifukwa cha chimenecho ndi umenenso umayamba kutha pa busa lodyetsedwa mopitirira muyeso. Mtundu wina wa udzu umenewu umene udasankhidwa kuti uzibzalidwa m'dziko muno umatchedwa Ntchisi.

M'minda ya chimanga mumameranso Rottboellia, udzu wautali wa ubweya wobaya ndi woyabwa m'munsi mwa masamba, umene ngala yake imathyoka m'tizidutswa ngati timikanda. Opalira amadana nawo, koma ukadulidwa uli waung'ono ndi chakudya chabwino cha ng'ombe za m'khola. Udulidwe usanabereke, kuopa kubwezera njere zake kumunda kudzera m'manyowa. Pa udzu uliwonse wochokera m'munda, woweta afunse kaye ngati m'mundamo simudapoperedwe mankhwala opha udzu kapena opha mbozi.

Maudzu atatu otsatirawa ndi chizindikiro chakuti malo atopa. Melinis repens, wa ngala zaubweya zofiira zimene zimayera zikakalamba, umakongoletsa m'mbali mwa misewu ndi m'minda yogonera, koma masamba ake ndi ochepa. Sporobolus pyramidalis ndi wa zitsa zolimba ngati waya, ngala yake ndi yaitali yosongoka, ndipo umalowa pamene maudzu abwino adyedwa mpaka kutha. Namsongole, amene ndi Imperata cylindrica, ali ndi mizu yosongoka yobaya kuphazi, masamba akuthwa m'mphepete ndi ngala yoyera ngati thonje. Amachuluka pamalo potenthedwa chaka ndi chaka, ndipo ziweto zimangodya nsonga zake zanthete. Mudzi ukaona atatuwa akuchulukira pa busa lake, udziwe kuti ziweto zachuluka kuposa malo, kapena moto wanyanya.

Maudzu a m'dambo

Madambo amene amathira madzi mumitsinje ya Lilongwe, Diamphwe ndi Linthipe ndiwo nkhokwe ya ziweto za dera lino m'chilimwe. Dambo silikhala chimodzimodzi ponseponse. M'mphepete muli nthaka yamchenga imene imauma msanga, ndipo mumamera Hyparrhenia wamfupi, kapinga ndi Sporobolus. Chapakati pali chigawo chimene madzi amatumphuka pansi, chonyowa pafupifupi chaka chonse, mmene mumachuluka zomera za gulu la dawe. Pakatikati pali makande akuda amene amasefukira m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Woweta wodziwa zigawo zimenezi amadyetsa m'mphepete mvula ikadalipo, n'kumatsikira pakati pamene nthaka ikuuma. Kulowetsa ng'ombe pakati pa dambo lili matope kumaononga zitsa za udzu, ndipo njira za ziweto zimasanduka zigwembe zimene zimakhetsa madzi a dambo lonse.

Nsenjere, imene ndi Pennisetum purpureum, imamera yokha m'mbali mwa mitsinje ndipo imatalika mamita atatu kapena kuposerapo. Masamba ake ndi aatali, aubweya, okhala ndi mzere woyera pakati, ndipo ngala yake ndi yobulungira yaitali ngati ya mchewere. Palibe udzu wina m'dera lino umene umapereka chakudya chochuluka pa malo ochepa ngati nsenjere. Koma iyenera kudulidwa ikafika mita imodzi mpaka mita imodzi ndi theka, pamene mapuloteni ake ali pakati pa magawo 8 ndi 12. Ikasiyidwa mpaka kufika padenga la nyumba imakhala mapesi okhaokha, ndipo ng'ombe imabudula masamba n'kusiya zotsalazo m'chodyera. Podula pasiyidwe chitsa cha masentimita 10 mpaka 15, ndipo iduliridwe m'tizidutswa tating'ono isanaperekedwe. Alimi a ng'ombe za mkaka akumbukire kuti magawo 80 pa 100 a nsenjere yaiwisi ndi madzi: mtolo wooneka waukulu umakhala ndi chakudya chochepa kuposa mmene umalemerera.

Bango, Phragmites mauritianus, limasokonezedwa ndi nsenjere likadali laling'ono. Masamba a bango ndi olimba, osongoka ndi obaya kunsonga, phesi lake ndi lamphako, ndipo ngala yake ndi yaikulu yowirira ngati nthenga. Ntchito yake ndi mphasa, mipanda ndi kuteteza magombe a mitsinje. Ng'ombe zimadya mphukira zake zokha. Njedza nazo si chakudya choti munthu awerengere.

M'madzi osaya mumamera Leersia hexandra, mbale wake wa mpunga, wa masamba aafupi okhakhala amene amakanda pakhungu ndi mfundo zokhala ndi ubweya woyera. M'malo akuya pang'ono muli Echinochloa pyramidalis, wa mapesi onenepa ofewa. Onse awiriwa amakhala obiriwira mpaka kumapeto kwa chilimwe ndipo ndi chakudya chabwino. M'malo onyowa koma osamira mumapezeka Setaria sphacelata, wa tsinde lophwatalala ngati chikupizo ndi ngala yopyapyala yachikasu. Ng'ombe zozolowera zimadya popanda vuto, koma uli ndi asidi wina amene amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito kashiamu, ndipo abulu odyetsedwa udzu wokhawu kwa nthawi yaitali amafooka mafupa.

Msipu wa m'dambo uli ndi mtengo wake. M'madzi odikha mumakhala nkhono zing'onozing'ono zimene zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Mazira a nyongolotsizi amatuluka m'ndowe, ana ake amakulira m'nkhono, kenaka amakamatirira pa udzu wa m'madzi, mmene chiweto chimawamezera. Chiweto chogwidwa chimawonda pang'onopang'ono ngakhale chikudya, m'kamwa ndi m'zikope mumayera, ndipo pansi pa chibwano pamatupa. Kwa wamalonda, chiwindi chotere chimatayidwa ndi oyeza nyama. Ziweto zodya m'dambo zimwetsedwe mankhwala pa nthawi zimene mlangizi wa ziweto wanena, ndipo udzu womweta m'malo amadzi udulidwe pamwamba pa pamene madzi amalekeza, uumitsidwe bwino ndi kusungidwa kaye usanadyetsedwe. Nkhupakupa zofalitsa chigodola nazo zimakonda udzu wautali, kotero kusambitsa ziweto kusalekedwe.

Madimba a tomato, kabichi, anyezi ndi chimanga chachiwisi akuchulukirachulukira m'madambo a Mitundu ndi Nathenje, ndipo ndi chuma chenicheni cha mabanja ambiri. Koma dimba lililonse latsopano limachepetsa busa la m'chilimwe, ndipo milandu ya ng'ombe zolowa m'dimba imafika kwa mafumu chaka ndi chaka. Kumene mafumu ndi anthu awo adapatula chigawo cha ziweto ndi njira yopita kumadzi, mikangano yotere imachepa. Nsenjere yobzalidwa m'malire a dimba imathandiza onse awiri, chifukwa imatchinga madzi osefukira ndipo mwini dimba amatha kuigulitsa kwa oweta.

Za moto, mawu ndi ochepa. Msipu wa palupsa ndi wokoma ndipo uli ndi mapuloteni ambiri, koma ndi wochepa kwambiri, ndipo chitsa chimautulutsa pogwiritsa ntchito chakudya chimene chidasungira dzinja. Busa lotenthedwa ndi kudyetsedwa nthawi yomweyo chaka chilichonse limathera kwa namsongole.

Udzu wobzala ndi zotsalira za m'munda

Kudyetsera ng'ombe m'khola si kwachilendo m'chigwa cha Lilongwe. Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chitayamba mu 1968, famu ya ng'ombe ya Dzalanyama inkapereka ng'ombe zofula kwa alimi kuti azinenepetse ndi mapesi a chimanga, masangwi a mtedza ndi madeya. Nzeru imeneyi ikadali yogwira ntchito. Mapesi ali ndi mapuloteni a magawo 3 mpaka 5 okha, koma masangwi osungidwa bwino ndi masamba ake amafika magawo 10 kapena kuposerapo, ndipo madeya ali ndi pafupifupi magawo 10 kuphatikizapo mphamvu zambiri. Kusakaniza zitatuzi kumakweza chakudya kupyola malire a magawo 7 aja, chimene mapesi okha sangachite.

Pa maudzu obzala, udzu wa Rhodes, Chloris gayana, ndiwo woyenera kupangira mfutso chifukwa mapesi ake ndi opyapyala ndipo amauma msanga. Umayanga, ndipo ngala yake ili ndi zala zambiri zofewa zofiirira. Mtundu wake wa Katambora umadziwika kwa alimi a fodya pothandiza kuchepetsa tinyongolotsi ta m'nthaka m'munda wogonera. Nsenjere imabzalidwa ndi zidutswa za mfundo zitatu, ziwiri pansi imodzi pamwamba. Vetiva wa pa akalozera ndi woteteza nthaka, ndipo ngakhale ziweto zimabudula masamba ake anthete, asawerengedwe ngati chakudya.

Masamba a lukina ali ndi mapuloteni opitirira magawo 20, ndipo ndi njira yosafuna ndalama yokonzera udzu wosauka. Asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha tsiku, chifukwa akachuluka amayoyola ubweya ndi kudwalitsa chiweto. Chenjezo lina ndi la mapira: mphukira zake zanthete, makamaka zophuka pa zitsa kapena zofota ndi ng'amba, zimakhala ndi poizoni amene amapha ng'ombe m'kanthawi kochepa.

Kuwerengera mfutso

Ng'ombe imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake patsiku. Ya makilogalamu 300 imafuna makilogalamu 7 ndi theka, ndipo pa masiku 120 ochokera mu Ogasiti mpaka Novembala imafuna makilogalamu 900. Ng'ombe ya mkaka ya makilogalamu 400 yodya nsenjere yaiwisi imafuna makilogalamu 50 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Mlimi amene akuganiza zolandira kapena kugula ng'ombe ya mkaka awerengere zimenezi asanamange khola.

Udzu wa mfutso umwetedwe pamene ngala zangoyamba kuoneka, kawirikawiri mu Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, pa masiku opanda mvula. Uyanikidwe masiku awiri kapena atatu, ukutembenuzidwa, ndipo usungidwe pathandala pansi pa denga. Nthawi imeneyi imagundana ndi ntchito ya fodya ndi kukolola, n'chifukwa chake ambiri amamweta mochedwa, koma mtolo umodzi wa mu Malichi umaposa mitolo ingapo ya mu Julayi. Mchere ndi madzi okwanira zisasowe m'khola.

Kwa ogula ndi ogulitsa

Udzu wofolerera ndi udzu wodyetsa zimayesedwa mosiyana kotheratu. Wofolerera wabwino ndi wautali, wowongoka, wolimba ndi wopanda masamba. Wodyetsa wabwino ndi wobiriwirako, wa masamba ambiri, wofewa poufinya ndi wa fungo lokoma. Wogula amasule mtolo ndi kuona m'kati, chifukwa kunja kumanyenga. Udzu, masangwi kapena madeya zakuda, zotentha m'kati kapena zonunkha chuku zisagulidwe ngakhale mtengo utatsika, popeza poizoni wa chuku amadwalitsa chiweto ndipo amadutsa mpaka mumkaka umene anthu amamwa. Ogula ng'ombe m'misika ya Mitundu ndi Nathenje kumapeto kwa chilimwe afunse kumene chiwetocho chimadya. Ng'ombe yowonda ndi njala imabwerera ikadyetsedwa, koma yowonda ndi nyongolotsi za m'chiwindi imafuna mankhwala poyamba.

Udzu wosadziwika

Mlimi akapeza udzu umene sakuudziwa, kapena akakayikira kuti wadwalitsa ziweto, azule chitsa chonse pamodzi ndi mizu ndi ngala, achiike pakati pa nyuzipepala osati m'pepala lapulasitiki, ndipo alembe malo, tsiku ndi dzina limene anthu a m'mudzimo amautchula. Apite nacho kwa mlangizi wa ziweto kapena ku ofesi ya zaulimi ya dera lake. Zimene alangizi sangathe kuzizindikira zingathe kutumizidwa kwa akatswiri a ku Chitedze, a ku Bunda pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, imene ili pafupi ndi Mitundu, kapena ku National Herbarium ku Zomba. Chiweto chikafa mwadzidzidzi chitadya udzu wokayikitsa, nyama yake isadyedwe kapena kugulitsidwa, ndipo zotsala zichotsedwe pa busalo kufikira mlangizi atafika.